Lonjezo, Sukupita Kukatengera Atsibweni Ako Mfuti

Lonjezo,

Ndakhala m'chigafa muno masana ano kuti ndikulembere, chifukwa pakamwa ndalephera. Kuyambira Lamulungu lija ine ndi iwe tikuzembana pabwalo ngati mkamwini ndi apongozi ake. Ndikati nditsegule pakamwa, mawu akutuluka ndi moto, iwe n'kunyamuka ulendo wa kwa anzako. Mawa ukupita ku maphunziro a usilikali, ndipo sindilola kuti uchoke pakhomo pano usanamve zimene zili kukhosi kwanga. Pepala sungaliyankhe mwamwano, sungalisiyenso likulankhula. Uwerenge mpaka kumapeto. Ndakwiya, ndipo sindikubisira.

Ndiyambe ndi kuchotsa bodza limene likuyenda m'mudzi muno, lakuti bambo ako sakufuna kuti ukhale msilikali. Amene akunena zimenezo andiuze, malata amene ukugona pansi pakewa anachokera kuti? Sukulu imene wamalizayi inalipiridwa ndi chiyani? Ndi jombo zanga. Unyamata wanga wonse ndinausiya kukampu, ndinapuma ndili kopolo, ndipo sindinachitepo nazo manyazi. Tsiku limene tinamva kuti akutenga, ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe ndekha kuti amayi ako asaone nkhope yanga, poti ndinasangalala ngati mwana. Usilikali sindikulimbana nawo. Chimene chandipsetsa mtima ndi chifukwa chimene ukupitira, ndi munthu amene akukutuma.

Ukukumbukira zimene unachita Lamulungu, kapena ndikukumbutse? Amayi ako anapha nkhuku, anthu anabwera kudzatsanzikana nawe. Atsibweni ako a Jailosi, atakhuta zimene anakhutazo, anaimirira pakati pa bwalo n'kunena kuti: “Abale anga, lero mtundu wathu wapeza mfuti. A Lemani aja ndi ana awo, amene akhala akutidyera dimba kudambo, ayambiretu kumanga katundu. Mphwangayu akadzangotsika pa Nsaru atavala zamawangamawanga, malire adzabwerera okha pamene anali.” Amayi ena anaimba nthungululu. Ine ndinayang'ana iwe, ndikuyembekeza kuti uweramitsa mutu. Koma unadzuka, unatola mpini wa khasu, unauika paphewa, n'kuloza nawo kudambo. “Atsibweni, musadandaule,” unatero. “Ine ndikupita ku gulu la kutsogolo, la odumpha m'ndege. Ndikadzabwera adzaona polekera.” Bwalo lonse linaseka. Ndi pamene ndinasiya mbale yanga n'kuchokapo, ndipo amene akuti ndinachita mwano pamaso pa alendo anene. Ndikanakhala, ndikanakuwomba mbama pamaso pa alendo omwewo.

Iwe Lonjezo, ndiwe wa kuloza anthu ndi mpini? Sunaone n'komwe geti la kukampu, mutu sanakumete, dzina lako sajeni sakulidziwa, koma wayamba kale kugawa mantha m'mudzi. Ndikuuze lero, ndipo ndibwerezanso kutsogoloku: yunifolomu si ya banja lathu. Si ya mbumba ya a Jailosi. Ndi ya dziko, ndipo m'dzikomo muli a Lemani.

Ndikuuze za Wilisoni. Tinali naye gulu limodzi, bedi lake loyandikana ndi langa, mnyamata wamtali wa cha ku Msundwe, wodziwa kuwombera kuposa tonsefe. Kwawo ankalimbana ndi anansi awo pa nkhani ya ng'ombe zimene zinadya chimanga. Uthenga unkangobwera wakuti bwera udzawaonetse, kodi tinakulerera chiyani. Tinamuletsa, iye ankangoseka. Atapatsidwa tchuthi anapita atavala zonse, abale ake akumuperekeza m'mbuyo ngati akupita ku chinkhoswe. Anamupeza mwini ng'ombe uja pamsika, anavula lamba n'kuyamba kumukwapula. Chitsulo cha lamba chinatera m'diso, diso linaphulika. Ine ndinali m'modzi mwa amene tinatumidwa ndi galimoto kukamutenga kupolisi. Titafika, pa chikhamu chonse chija panalibe ndi m'modzi yemwe amene anamubweretsera ngakhale madzi akumwa. Tinawapeza atsibweni ake pakhomo akusenda mtedza, ndipo anatiuza osatiyang'ana kuti: “Ife tinangoti akawaopseze, sitinati akamenye munthu.” Wilisoni anamuvula yunifolomu tonse tikuona, kenako ndende. Ndinadzakumana naye patapita zaka pa Msundwe pomwepo, akusenza matumba a mbatata kukweza mulole. Atandizindikira anatembenukira kumbali, thumba lili pamutu, mpaka nditadutsa. Mawu amene ananena atsibweni a Wilisoni ndi omwewo adzanene a Jailosi. Ndawadziwa alamu angawa kuyambira usanabadwe. Pa phwando amakhala kutsogolo, pa mlandu amadwala mutu.

Tsopano tikambe za ntchito imene, poti amene akukulangizawo jombo anangoziona m'miyendo mwa anthu. Iwe ukamati usilikali ukuona chinthu chimodzi, munthu ali ndi mfuti, nkhope atapaka makala, monga mumaonera pa foni. Usilikali uli ngati Nsaru tsiku la msika, aliyense ali ndi benchi lake. Muli amakaniko amene amadzutsa magalimoto akuluakulu. Muli amisiri omanga milatho ndi misewu, amene mumawaona madzi akasefukira. Muli a zachipatala, muli a mawayilesi amene amalumikiza magulu ali kutali, muli madalaivala, osunga katundu, ophika, ngakhale oimba malipenga. Onsewo ndi asilikali, onsewo mfuti amaidziwa. Miyezi yoyamba adzakupondani mofanana nonse. Adzakumetani mpala, mudzathamanga mpaka kusanza, mudzakwawa m'matope, mudzagona ndi mfuti ngati mkazi wanu. Pamenepo palibe chosankha, ungopirira. Koma ikadzatha nthawi imeneyo lidzafika tsiku lofunsa kuti ndani amadziwa chiyani, ndani ali ndi pepala lanji. Nthawi yathu zinkatero, ndipo anzanga amene akadali m'katimo akuti sizinasinthe kwenikweni. Sikuti nthawi zonse amakupatsa chimene wapempha. Koma wosapempha amangoponyedwa pamene pali mpata. Tsiku limenelo ndi limene ndikulembera kalata ino.

Iwe manja ako ali ndi ntchito kale, ndipo ichi ndi chimene chikundiwawa kwambiri. Kuyambira uli Fomu 1 wakhala ukuthawira ku galaja ya a Yusufu pa Nsaru, kubwera kuno malaya ali girisi yekhayekha, amayi ako akulira ndi sopo. Njinga zamoto za anyamata a kabaza ndiwe umazidzutsa. Pampu ya kalabu yathu ya kudimba itafa chaka chatha, anthu atayamba kale kuthirira ndi zitini, unaimasula yonse pa chiguduli n'kuibwezera, mpaka lero ikukoka madzi. A Yusufu si munthu woyamikira wamba, ana awo omwe amawakalipira, koma anandiimitsa pa sitolo yawo n'kundiuza kuti: “A kopolo, mwana wanuyu injini amaimva ndi khutu asanaitsegule. Musamutaye.” Anakhala pansi n'kukulembera umboni wa ntchito imene wagwira kwa iwo, anadindapo chidindo cha galaja. Iwe unatani nawo? Unauponya pawindo, n'kuwauza amayi ako kuti sukupita kukagwira sipanala, girisi watopa naye. Ndaupeza utanyowa ngodya imodzi. Ndauyanika, ndauika m'pulasitiki limodzi ndi satifiketi yako, uli pansi m'chikwama chako. Ukautaya, usadzandiuze kuti unasowa.

Ukudziwa chimene chinachitika tsiku lofunsa lathu? Tinaima pamzere, dzuwa lili pamutu. Sajeni anafunsa ngati alipo amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga. Mnzanga Bonifasi, amene bambo ake anali mmisiri wa njerwa, anakweza dzanja. Tonse tinaseka chamumtima, ndipo madzulo ake tinamupatsa dzina lakuti Wokumba Zimbudzi. Ine ndinali nditayendetsapo thalakitala pa esiteti ya fodya ndisanalowe, ndikanatha kukweza dzanja pamene anafunsa za madalaivala. Ndinatulutsa chifuwa n'kukhala chete, poti ndinkafuna zomwe ukufuna iwezi. Zaka zinapita. Nditapuma ndinazungulira mu Lilongwe ndi mapepala anga kufuna ntchito. Paliponse funso linali limodzi: “Mumadziwa ntchito yanji, bambo?” Ndikati ndinali msilikali, ankayankha mwaulemu ndithu kuti: “Ndiye kuti pageti mungathe.” Ndinalondera geti la kampani ina yogulitsa zipangizo, ndili ndi chibonga m'manja, kutsegulira ana ang'onoang'ono amene ankangoliza hutala osandiyang'ana. Tsiku lina inaima galimoto yodzaza matumba a simenti, woyendetsa n'kutsitsa galasi. Anali Bonifasi, ali ndi anyamata ake antchito kumbuyo, akupita kukamanga sukulu. Anatsika, anandikumbatira, anandifunsa za kunyumba ndi mtima wabwino. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Ine ndi amene ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Mwezi womwewo ndinasiya ulonda n'kubwerera kuno kudzalima fodya.

Usandimve molakwa, ndipo usakanene kwa anzako kuti bambo anga amanyoza asilikali oyenda pansi. Ndinali m'modzi wa iwo, ndipo popanda iwo palibe gulu lankhondo. Alipo anthu amene anabadwira ntchito imeneyo, odekha, osapupuluma, amene ena amawatsatira osafunsa. Ndinagwira nawo ntchito anthu otere ndipo ndimawavulira chipewa mpaka lero. Palibe ndi m'modzi yemwe mwa iwo amene ndinamumva akulonjeza kuti wakutiwakuti adzaona polekera. Olankhula choncho ndi amene ankayamba kulira zinthu zikavuta. Usilikali umatha, Lonjezo. Umalowa uli mnyamata, umatuluka mawondo akulira, ana akufuna sukulu, ndipo mfuti umaisiya pageti. Chimene umatuluka nacho ndi chimene chili m'mutu ndi m'manja mwako basi.

Ukuti ukufuna kutsogolo. Kutsogoloko ukukudziwa? Ine ndinapitako, ku Kongo, pa ntchito yosungitsa mtendere. Kutsogolo ndi mvula yosakata, ndi kukhala m'dzenje masiku osavula jombo mpaka khungu la kumapazi kumatsalira m'sokosi. Ndi kudikira, kudikira, osadziwa chimene ukudikira. Tinali ndi mnyamata wina dzina lake Petulo, wa cha ku Kabudula kuno, wamsinkhu woposa wako pang'ono. Ankakonda kujambulitsa, malamba a zipolopolo atapingasa pachifuwa, kutumiza kwawo. Sanali woipa, anali mwana chabe. Tsiku lina tikuyenda pamsewu wodutsa m'minda ya nthochi, kunamveka kulira kwa mfuti kamodzi. Petulo anakhala pansi ngati munthu wotopa. Amene anawombera sitinamuone, mpaka lero sindikumudziwa. Poti ndinali wa dera limodzi naye, ananditumiza kuperekeza maliro. Amayi ake sanalire pamene tinkatsitsa bokosi. Analandira mbendera yopindidwa, anaiika pamiyendo, kenako anandikodola. Ndinagwada pafupi nawo, ndipo anandifunsa motsitsa mawu kuti: “Mwananga, inu munali naye. Anthu amene anamuphawo anawalakwira chiyani?” Funso limenelo ndimadzuka nalo mpaka pano.

Sindikukunamiza kuti makaniko safa, kapena kuti wa zachipatala chipolopolo chimamulambalala. Galimoto imene ukonza idzapita komweko, ndipo iwe udzakhala m'menemo. Ukasaina, wasainira zonse, ndipo amayi ako akudziwa zimenezi ngakhale sakunena. N'chifukwa chake ndikukalipa. Ngati ukukapereka moyo wako m'manja mwa boma, ukaupereke ukudziwa chimene ukuperekera. Osati chifukwa cha nthungululu za Lamulungu. Osati chifukwa cha mizere ingapo ya kabichi pamene mtsinje unasuntha njira. Nkhani yonse ya dimba lija ndi imeneyo, mizere ya kabichi, ndipo malo ake ndi kubwalo la milandu, kumene akuluakulu odziwa pamene panali malire akale akadali moyo.

Tsono mvera. Tsiku lofunsa likadzafika, dzanja lako likwere pa amakaniko, ndipo upereke mapepala ako onse awiri. Anzako akakupatsa dzina, ulilandire, dzina silitupitsa. Kukakhala kuti kwadzaza, upemphe kwa amisiri a milatho kapena kwa a mawayilesi, poti mawaya a sola umawadziwanso. Akakuponya kwa oyenda pansi, usanyinyirike, ugwire ntchito ndi mtima wonse, koma kosi iliyonse ikatuluka uzilembetsa, usatope kupempha. Masamu ndi sayansi unakhoza bwino kuposa mmene ine ndinalotera, ndiye usalole kuti mutu uchite dzimbiri. Alipo amene analowa ngati iwe n'kudzakwera mpaka kukhala maofesala chifukwa sanasiye mabuku. Ndipo ngati utaona zonse ndi maso ako, utalawa matope, utamva kulemera kwa mfuti, n'kupezabe kuti mtima wako uli kwa odumpha m'ndege, udzandilembere undiuze chifukwa chake, chifukwa chako iwe mwini. Chikadzakhala chomveka ndidzakudalitsa. Koma m'kalata imeneyo musadzapezeke dzina la a Jailosi kapena la a Lemani.

Zina ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu. Mapazi ako uziwasamala kuposa nkhope, uziwaumitsa, sokosi yonyowa usagone nayo. Wophunzitsa akakutukwana, usamuyang'ane ndi diso limene umandiyang'ana nalo ine, kumeneko kulibe amayi ako okuikira kumbuyo. Sakudana nawe, akufuna aone ngati ungapse mtima n'kuiwala lamulo, poti munthu wotero sapatsidwa mfuti yodzaza. Iwe mtima wako ndi waufupi, unatengera ine, ndipo ndi umene ndikuuopa kuposa adani. Mowa wa kukantini wathetsa ntchito za anthu ambiri kuposa nkhondo. Atsikana adzakukonda chifukwa cha nsalu imene wavala, ndipo nsaluyo si yako. Amayi ako uziwaimbira akakulolani kugwira foni, ngakhale ulibe chonena.

Tsopano ndikuuze chimene chachititsa kuti mkwiyo wanga usaphwe sabata yonseyi, poti mwina ukuganiza kuti mawu ako a Lamulungu anathera pabwalo pompaja. Lachitatu m'mawa ndinali kudimba ndikuthirira. Ndinaona a Naphiri, akazi a a Lemani, akubwera m'mphepete mwa mizere. Atafika pafupi anagwada. Mayi wamkulu kuposa ine, wa imvi, kugwada m'matope pamaso panga. Ndinati dzukani mayi, mukundichimwitsa. Anakana. Anati: “Bambo a Lonjezo, tamva kuti mwana akadzabwera ndi mfuti adzayambira kwathu. Abambo kunyumbaku sakugona. Ndiye ndimati ndidzafunse kwa inu, poti ndinu odziwa za asilikali. Kodi tisamuke chaka chino, kapena atilola tikolole kaye?” Sanali kunyoza, Lonjezo. Ankafunsa zenizeni.

A Naphiri amenewa ukuwadziwa bwino, ndipo nkhani yawo amayi ako anakuuza kangapo. Uli wokwawa, ine ndili kukampu, amayi ako anagwa ndi malungo osatha kudzutsa mutu, iwenso unayamba kutsegula m'mimba mpaka maso kulowa. Inali nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza. Abale ako onse, ndi atsibweni ako omwe, anati tidikire madzi aphwe. A Naphiri anakumanga kumsana ndi chitenje chawo, anawoloka madzi ali m'chifuwa, anayenda wapansi mpaka kuchipatala ku Nambuma. Anakhala nawe kumeneko mpaka unayamba kuchira, ana awo atawasiya ndi anansi. Msana umene unakuberekawo ndi umene unauloza ndi mpini. Ndinawadzutsa ndi manja anga, ndinawauza kuti palibe amene asamuke, kuti mwana wanga akadzaponda pakhomo pawo ndi choipa adzayambe wadutsa pa mtembo wanga. Anapita akupukuta mawondo. Ine ndinakhala pa mzere, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire chako ndinachita manyazi kuti ndine bambo ako.

Kuchoka apo ndinalunjika kwa a Jailosi, matope ali m'miyendo. Ndinawapeza pakhonde. Ndinawauza kuti apite okha kwa a Lemani akabweze mawu awo. Anaseka, n'kunena kuti: “Alamu, mwanayu ndi wathu. Inu munangobwera kudzabereka kuno. Nkhani ya dimba ndi ya eni mbumba, mkamwini salowerera.” Ndinati dimba ndi lanu, sindikukana, ndipo zaka zonse ndakhala pamudzi pano sindinatsegulepo pakamwa pa malire anu. Koma amene mukufuna kumusandutsa galu wosakira ndi magazi anga, ndipo akadzamangidwa inu mudzakhala pakhonde pomwepa. Anaimirira, n'kuloza kumsewu. “Ngati mudzi wakukolani, njira ya kwanu mukuidziwa.” Anthu anali atayamba kusonkhana. Sindinadziwe kuti amayi ako anditsatira. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga: “Achimwene, awa akachoka ndichoka nawo, dimbalo muzidzalima nokha. Mwanayo ndinabereka ndine, ndipo sindinaberekere malire.” Amayi ako, amene sanawayankhepo achimwene awo chikhalire. A Jailosi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mpaka lero sakutilonjera, ndipo kwa a Lemani sanapite. Amayi ako akulira mobisa chifukwa cha mlongo wawo. Iwe sunaone chilichonse, unali kwa anzako kuyeserera saluti.

Waona tsono mtengo wa mawu ako? Usanagwire n'komwe mfuti, nkhalamba ziwiri sizikugona, amayi ako adana ndi mlongo wawo, ine ndauzidwa njira ya kwathu pamudzi pamene ndakalambira. Umenewo unali mpini chabe. Ndiye ndikubwerezanso monga ndinalonjezera: yunifolomu si ya banja lathu. Atsibweni ako uziwalemekeza, ndi atsibweni ako, ukadzabwera uziwagulira shuga. Koma tsiku limene adzakuimbire foni kuti bwera udzaonetse anthu, uwauze kuti ntchito siyilola, ndipo akakakamira udule. Pa tchuthi uzibwera ndi malaya wamba. Amene akufuna kuona zamawangamawanga akaone pa chithunzi.

Ndamva kuti a Jailosi apangana ndi anyamata a njinga zamoto kuti mawa akuperekeze mwa chikhamu mpaka pa siteji, malipenga akulira. Ine m'chikhamu chimenecho mulibe. Njinga yanga yakapalasa ndaipopa kale, ndamanga ndi mtsamiro pa kaliyala. Kukangocha ndidzakhala nayo panjira ya kumunsi, yodzera kudambo. Njira imeneyo imadutsa pakhomo pa a Lemani. Tikafika pamenepo ndidzaima, iwe udzatsika, udzavula chipewa, udzalowa wekha. Ine ndidzatsala pamsewu nditagwira njinga, sindidzakuuza chonena, ndipo sindidzakufunsa chimene wanena. Ukatuluka ndidzakupalasa mpaka pa Nsaru, chikwama chako chili pa handulo, ndipo minibasi siidzatisiya.

Ukasankha malipenga, sindidzakuthamangira. Udzapitabe uli mwana wanga, ndipo ndidzakupemphererabe m'mawa uliwonse monga ndachitira sabata yonseyi mano ali olumana. Koma ndikufuna ndikapereke kwa boma munthu, osati chiopsezo. Mtima wanga sunaphwe, Lonjezo, ndipo sindinamizira kuti waphwa. Ukauphwetse ndiwe, mawa, panjira ya kudambo.

Ndine bambo ako,
amene anavala jombozo iwe usanabadwe.